Abale ndithandizeni Chizungu cha ndalamachi, chinatsala pang'ono kutiliritsa maliro

Nabanda_wa_pa_Santhe

Moni nonse. Ine ndimakhala pa Santhe kuno ku Kasungu, ndili ndi kagolosale komanso timalima fodya pang'ono ndi soya. Sukulu ndinalekeza Fomu 3 nde Chizungu ndimamva ndithu, cha kuchipatala, cha ku banki, cholemba mafomu, chimenecho sindivutika nacho. Koma chilipo Chizungu china chokhotakhota chomwe sabata yathayi chinatsala pang'ono kuwapha mayi anga ndi BP.

Nkhani yake ili chonchi. Mlongo wanga wamng'ono ali ku Joni chaka chachinayi tsopano, amagwira mu lesitilanti ina ku Johannesburg. Ndinamulembera pa WhatsApp kuti achimwene mvula yayandikira, nazale ya fodya yamera bwino koma feteleza tilibe, tatithandizani olo matumba awiri. Iyeyo masiku ano Chichewa amalemba mwa apo ndi apo, nde anayankha kuti:

"Sis I'm in the red this month. I moved to a new room and it cost me an arm and a leg. I can't even make ends meet."

Ine kuona red, kuona arm, kuona leg, m'mimba munangoti bwata. Ndinati basi mwana wagundidwa ndi galimoto kapena amukhapa, inu mukudziwa nkhani zomwe timamva za ku Joni, ndipo new room ija ine m'mutu mwanga inali wodi ya kuchipatala. Ndinatseka golosale dzuwa likadali pamutu kuthamangira kwa mayi, mayi kumva anangodzigwetsa pansi, aneba kusonkhana, kumuimbira foni siikuyankhidwa (kumeneko anali pa shifiti). Azakhali anali atayamba kale kuwerengera kuti kubweretsa munthu wopanda mwendo pa basi kuchokera ku Joni ndi zingati. Mpaka chakumadzulo kunabwera kamtsikana ka aneba ka Fomu 4, kuwerenga mesejiyo kanaseka mpaka kugwira chitseko, kenako kamvekere "akuti alibe ndalama" basi nkumapita.

Nde funso langa ndi ili, mawu amenewa limodzilimodzi amatanthauza chani kwenikweni? Ngati nkhani ndi yoti ndalama alibe bwanji osangonena, mkono ndi mwendo zikulowapo bwanji? Komanso alipo ena otere oti ndiwadziwiretu? Pagolosale panga pamabwera aphunzitsi ndi anamwino, akafuna sopo ndi shuga pangongole amayambitsa Chizungu ine nkumangogwedeza mutu. Wina anandiuza kuti "things are a bit tight" ine mumtima ndimvekere nanga malaya akakuthinani ndine telala ine kkkk

Mphunzitsi_Wopuma_Mtunthama

Mayi Nabanda pepani kwambiri, ndipo muwapepesenso mayi. Ndaseka, sindinama, koma ndaseka mwaulemu. Ndaphunzitsa Chingerezi m'masekondale zaka zambiri ndisanapume ndipo mbali imeneyi ndi yomwe imagwetsa ngakhale ana anzeru, chifukwa mawu aliwonse paokha amawadziwa koma akaphatikizana tanthauzo lathawa.

Zomwe analemba mlongo wanuzo ndi zining'a, Angerezi amati idioms. Ifenso tili nazo zambirimbiri kungoti tinazolowera. Mzungu wophunzira Chichewa mutamuuza kuti m'thumba mwanga mwabooka akupatsani singano ndi ulusi. Mutamuuza kuti malume ndi ouma manja akawagulira mafuta odzola.

Tiyambe ndi in the red. Kale makompyuta asanabwere, olemba mabuku a ndalama ankakhala ndi inki ziwiri. Zotsala kapena phindu ankalemba ndi yakuda, koma kuluza ndi ngongole ankalemba ndi yofiira kuti bwana akangotsegula buku aone msanga pamene pavuta. Ndiye munthu akati ali in the red sikuti alibe chabe ayi, wadutsa pa ziro, wadya kale zomwe sanalandire. Zikamayenda bwino amati in the black. Inuyo muli ndi kope la pagolosale, tsiku lina mudzayese kulemba ngongole za anthu ndi bolopeni yofiira muone mmene tsamba lidzaonekere.

Cost an arm and a leg ndi kudula koopsa, mtengo woti munthu umamva ngati akudula chiwalo. Ife timati mtengo wake ndi woboola m'thumba, kapena kuti ndi wosayamba. Palibe magazi pamenepo.

Make ends meet ndimaikonda kwambiri. Ana ndinkawauza kuti taganizani mwatola nkhuni mtolo waukulu koma luzi lomangira lafupika, mukukoka uku ndi uku nsonga ziwiri sizikukumana. Mtolowo ndi lendi, chakudya, fizi, thiransipoti. Luzilo ndi malipiro. Mlongo wanu akuti luzi lake silikuzungulira mtolo.

Za tight zija chenjerani pang'ono. Money is tight kapena things are tight ndiye kuti ndalama zavuta. Koma ku Britain mukanena munthu kuti he is tight kapena tight-fisted mwamunena kuti ndi wouma manja, ndipo pamenepa Chizungu ndi Chichewa zagwirizana, onse akuona dzanja lokana kutambasuka.

Ziwiri zina zomwe ndinkafiiritsa nazo makope chaka ndi chaka. Yoyamba, wopanda ndalama amati I am broke, osati I am broken. Mukawonjezera n ameneyo mwanena kuti mwasweka mtima kapena thupi, mudzaliritsanso anthu ena ngati mmene analirira mayi. Yachiwiri ndi borrow me. Vuto si la ana ayi, ndi Chichewa chathu chomwe, chifukwa timati ndibwereke K5,000 pomwe tikupempha, timatinso ndabwereka K5,000 pomwe talandira, mawu amodzi mbali zonse. Chingerezi chinagawa, wopereka amapanga lend, wolandira amapanga borrow. Ndiye ndi lend me kapena can I borrow. Komanso chining'a sasintha mawu, simunganene kuti a leg and an arm kapena a hand and a foot, monga mmene simunganenere kuti woumitsa zala mmalo mwa wouma manja.

Kaphatikizidwe kakang'ono, mawu oti bankrupt anachokera ku Chitaliyana, banca rotta, kutanthauza benchi losweka, poti osintha ndalama a kumeneko ankagwirira ntchito pa mabenchi. Ndiye benchi la pagolosale panu mulisamale.

Kabaza_KU

kkkkkkk ayi mwandipha asisi, azakhali kuwerengera za basi kkkk. Madala a Mtunthama nde ine ndili mu red yoti inachita kuda bii. Njinga ndi ya abwana, tsiku lililonse ndikaperekeko yawo kaye, ndithire mafuta, yotsala ndigule ufa wa walkman ndi bonya basi kwacha. Kasitomala wina ndinamunyamula kuchokera pa depoti ndikumudandaulira zomwezi anati you are living hand to mouth, ine ndinangoti yes boss koma mpaka lero sindidziwa ngati anandinyoza kapena anandimvera chisoni. Nanga nsima timadyera chani ngati si dzanja

Mphunzitsi_Wopuma_Mtunthama

Mwana wanga sanakunyoze. Akutanthauza kuti chomwe chagwa m'dzanja chikupita kukamwa nthawi yomweyo osadutsira m'thumba, chapezeka lero chadyedwa lero. Mmene wafotokozeramo wamasulira wekha kuposa ine.

Make_Junior_Kamwendo

Anabanda ine ndakumvetsani chifukwa zinandichitikirapo, kungoti kwa ine kunalibe maliro kunali mkwiyo. Ine ndimakhala pa Kamwendo ku Mchinji, ndimaoda zitenje ku Chipata kudzera pa Mwami nkumagulitsa m'misika. Mu November 2023 pomwe kwacha yathu anaigwetsa ndi 44% ija mpamba wanga unasungunuka ndikuona, ndalama yomwe ndinkaodera mapisi ambirimbiri kukaisintha kukhala kwacha ya ku Zambia inangokwana kachikwama kamodzi, makasitomala nawonso kukweza pang'ono akuthawa. Nde ndinali m'mabanki m'khonde awiri, wa kutchalitchi ndi wa azimayi a pamsika. Tsiku lobweza la uku likafika ndimakatenga uko, la uko likafika ndimadzatenga kuno, chiwongoladzanja chikungokwera mbali zonse ine nkumadziona ochenjera poti palibe gulu lomwe linandigwirapo kuti ndalephera.

Mwana wanga wamkazi ali ku koleji ku Lilongwe, atabwera pa holide anaona makope anga awiriwo nkundiuza kuti mum you are robbing Peter to pay Paul. Abale ndinayaka moto. Rob ndimaidziwa, ndi kuba. Ndinamufunsa kuti iwe ndakulipirira sukulu kuti uzinditchula wakuba, Petulo wake uti amene ndamubera, mubweretse pano. Anachita kundikhazika pansi kuti ayi amama, ndi zomwe inu mumanena zija zokumba dzenje kuti mukwirire dzenje linzake. Ndinakhala chete chifukwa zinali zoona, dothi lake ndi lomwelo likungosamuka.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumufunsa ena. Wa katapila akuti ndi loan shark. Shark ndi chinsomba cholusa cha m'nyanja zamchere, ifeyo tikanakhala oyambitsa tikanati ng'ona. Anzathu a ku Chipata katapila amati kaloba koma kaluma kake nkamodzi, utenge K20,000 mwezi ukatha ubweze K30,000 ndipo ena amasunga khadi lako la ku banki. Ina ndi up to my neck in debt, ngongole zafika m'khosi ngati ukuwoloka Bua atadzaza. Ndipo ina yomwe inandipweteka ndi throwing good money after bad, anandiuza pomwe ndimafuna kukatenganso ngongole yachitatu kuti ndipulumutse geni yomwe inali itafa kale. Sindinatenge. Gulu limodzi ndinatuluka titagawana mu December.

Za aphunzitsi ndi anamwino a ngongolewo musavutike kuphunzira Chizungu chowayankhira. Iwo akati things are tight inu muziti nanenso zandithina, mwa Chichewa chomwechi, amva.

Mjoni_wakale

Ine ndiyankhulireko mbali ya mnyamatayo poti ndakhalako kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, Johannesburg kenako Cape Town, ndinabwerako pano ndili pa Nkhamenya.

Achemwali funso lanu lija loti bwanji osangonena kuti alibe, yankho lake si la m'dikishonale. Kulemba m'Chichewa kuti "achemwali ndilibe, feteleza sinditumiza" kumalemera, zala zimakana. Umaona nkhope ya mayi ako, umakumbukira kuti pokukweza basi anagulitsa mbuzi. Koma ukalemba Chizungu zimakhala ngati wayankhula ndi munthu wina, manyazi amachepa. Ine ndapangapo kambirimbiri. Mlongo wanuyo sakudzimva ayi, akubisala.

Anthu kumudzi mukaona chithunzi munthu ali pa mall atavala jekete mumati zake zinayera. Simudziwa kuti chipinda tikugona anayi, lendi ikangokwana pa 1 landilodi safuna nkhani, thiransipoti ya taxi tsiku ndi tsiku, mapepala akakhala osalongosoka ndiye ukugwira ntchito maola ambiri malipiro ochepa ndipo sungadandaule kulikonse. Kusamuka chipinda nde usanene, amafuna dipoziti pamwamba pa lendi ya mwezi woyamba, nde arm and a leg imene akunenayo ndi imeneyo.

Kumeneko alinso ndi mawu awo omwe aphunzitsi mwina sanawaphunzitse. Ndalama yomwe munthu wakuda wapantchito amatumiza kwa makolo, abale, fizi ya ana a achemwali, amaitcha black tax, ngati msonkho woti suthawika. Ena amadana nawo mawuwo amati kuthandiza kwanu si msonkho, ine pano sindiweruza, koma mungodziwa kuti mlongo wanu amawamva tsiku lililonse kwa anzake. Wa katapila kumeneko ndi mashonisa. January amamutcha Januworry poti ndalama zonse zinapita ndi Khirisimasi. Azungu a ku Britain omwe ndinkawatumikira pa bala ankati I'm skint, ndi broke yomweyo.

Langizo langa musamuyankhe Chizungu, adzaona ngati mukupikisana naye. Mujambulireni voisi ya Chichewa, mumuuze kuti mwamva, mumuuzenso zomwe zinachitika ndi mayi aseke. Akapeza adzatumiza pa Mukuru yekha osamukumbutsa.

Mlimi_wa_Chamama

Ine ndili ndi dandaulo ndi Chizunguchi a Mphunzitsi mundiyankhe. Mlangizi wina pa msonkhano wa kalabu yathu anatiuza kuti alimi muphunzire ku save for a rainy day. Tinayang'anana. Tsiku la mvula kwa mlimi ndi tsiku labwino, ndi lomwe timaokera fodya, tikanakhala tikusungira tsiku la chilala bwenzi zikumveka. Wina amati money doesn't grow on trees, nanga ife ndalama zathu zimamera pati? Fodya si mtengo waung'ono? Anzathu a ku Mchinji zawo amachita kufukula pansi mtedza. Azunguwa zining'a zawo anapangira kwawo kozizira, kuno sizigwira.

Mphunzitsi_Wopuma_Mtunthama

Bambo a ku Chamama mwanena zoona theka. Kwawoko mvula imagwa nthawi iliyonse ya chaka ndipo sachita kuipempherera, kwa iwo ndi chinthu chosokoneza ntchito ndi maulendo, nchifukwa chake tsiku la mvula likuimira tsiku la mavuto. Ife pamenepo timati chakudza sichiimba ng'oma.

Koma taganizaninso bwino. Kodi kwanu ku Chamama ndalama imasowa mwezi uti? Si January ndi February, mvula ili pakati, nkhokwe yapepuka, chimanga pamsika chakwera, ana akufuna fizi ya teremu yachiwiri, malungo ali pakhomo, aganyu akufuna zawo? Ine ndimaona ngati chining'a chimenechi chimatikwana ife kuposa eni ake. Mlangiziyo akanangoti sungirani dzinja palibe akanayang'ana mnzake.

Mlimi_wa_Chamama

Aaa pamenepo mwandigwira madala kkkk. Koma kusungako nde nkhani. Fodya timagulitsa pa Chinkhoma kuyambira cha mu April, mtengo amatchula m'madola, munthu kumva madola mutu umazungulira. Pepala likamatuluka kampani yadula ngongole ya feteleza ndi mbewu, thiransipoti, ziguduli, msonkho wa izi ndi izo, kenako matenanti akudikira pakhomo chaka chonse anangodya phoso. Yotsalayo ukaitenga ku banki pa Kasungu boma imakhala ngati ikutentha, ndaonapo ndi maso anga munthu wamkulumkulu kugula wailesi ya masipika awiri, matiresi, foni, kugona pa resiti hausi sabata yathunthu akumwetsa anthu osawadziwa, pofika August akugulitsa wailesi yomweyo theka la mtengo kuti agule mbewu ya nazale. Sindikunena munthu, enafe tinadutsamo. Chizungu chake cha zimenezi chilipo?

Mphunzitsi_Wopuma_Mtunthama

Chilipo ndipo mwachitchula kale osadziwa. Amati the money is burning a hole in his pocket, ndalama ikuwotcha thumba kufuna potulukira. Ndipo zikatha munthu amayamba ku feel the pinch, kumva kutsinidwa, kenako tighten your belt, ija andale athu anaimasulira kalekale kuti timange malamba. Imeneyo yokha Amalawi tonse timaidziwa bwino, taimva pa wailesi maboma onse.

Kabaza_KU

lamba wanga mabowo anatha madala ndachita kuboola ena ndi msomali

Nabanda_wa_pa_Santhe

Zikomo nonse abale, a Mphunzitsi ndakopera zonse kumapeto kwa kope la ngongole, ndipo bolopeni yofiira ndagula. Dzulo ndalemba maina a onse ongongola, tsamba lonse psuu ngati tapha nkhuku, mwamuna wanga kuona anangoti nde golosaleyi ndi yathu kapena ndi ya anthuwa. Mphunzitsi uja wa tight anabweranso m'mawa kufuna mafuta ophikira, ndinangomutembenuzira kope nkumuuza kuti aphunzitsi onani nokha, I am in the red. Anaseka nkutulutsa K2,000 kuchotsako ku yakale, mafutawo sanatenge.

A Mjoni ndinapanga zomwe munanena. Ndinajambula voisi yaitali kumufotokozera zonse mpaka za azakhali ndi basi. Anaimba usiku womwewo, koyamba anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakhala chete nthawi yaitali nkuyamba kuyankhula Chichewa chokhachokha, chija cha kwathu chenicheni. Akuti komwe ankakhala kunali kosatetezeka anawathyolera kawiri nchifukwa anasamuka, dipoziti anachita kubwereka kwa mnzake wa ku Mzimba, ndipo amaopa kutiuza kuti tingadandaule. Za feteleza ndamuuza asiye, tichepetsa munda wa fodya tiwonjezere soya poti safuna zambiri.

Koma mayi mpaka pano sakukhulupirira. Akuti mwana sangatchule mkono ndi mwendo popanda chifukwa, nonsenu mukundibisira. Nde amulamula kuti atumize chithunzi ataima chilili, atavala kabudula, manja onse atakweza m'mwamba. Chafika mmawa uno, ndikupita nacho kukawaonetsa ndikatseka.